Mmene ndinakhalira chule wa m'thanki

Ana a m'mudzi muno akamandiitana kuti "a Chule" sindiyankha, koma sindikwiyanso, pakuti dzinalo ndinachita kulifuna ndekha.

Nyumba yathu ili pamtunda, moyang'anana ndi minda ya tiyi. Kuseri kwake mayi a Tiyamike, akazi anga, ali ndi kadimba ka mpiru ndi tomato. Chilimwe chili chonse ankatsika kukhwawa ndi ndowa, n'kukwera chitunda chija akuwefuka. Ine thandizo langa linali kuwamvera chisoni ndili pakhonde ndi buku m'manja. (Sukulu ndinalekezera panjira, koma pepala lililonse lolembedwa, ngakhale lokulungira usipa, ndimaliwerenga mpaka pansi.)

Tsiku lina ndinawerenga za kukolola madzi a mvula, mutu unatentha. Tinasunga kangachepe mpaka tinagula thanki ya pulasitiki. Kusitolo anandilangiza yaifupi yonenepa. Ine ndinaloza yaitali, yondiposa msinkhu, ati kuti odutsa pamsewu aziiona.

"Tiitane pulambala," anatero mayi a Tiyamike.

"Pulambala wachiyani? Zonse zili m'mutu muno."

Ndipo zinayendadi. Ndinamanga pokhazika, ndinakhoma ngalande ya lata m'mphepete mwa denga, payipi n'kulowa m'thanki bwinobwino. Kungoti ntchitoyi ndinaichedwetsa ndi kuwerenga, moti pomaliza n'kuti dzinja likutsazika. Kamvula kamene kanagwa, madzi ake m'thankimo anangofika m'akakolo, ndipo mpopi wa pansi unayamba kudontha. Nati yake yomangira inali mkati.

Linali Loweruka. Mayi a Tiyamike anali atapita kumsika ku Khonjeni, ndipo oyandikana nafe onse ndi a Sabata, anali kutchalitchi. Ndinati mpata ndi umenewu, palibe aone kuti katswiri walakwitsa. Ndinatsamiritsa makwerero, ndinavula malaya, ndinadzipanikiza pakamwa pa thanki, kenaka phu! ndagwera mkati ndi sipanala yanga. Nati ndinaimanga mwaluso. Kudontha kunatheratu.

Nditaweramuka m'pamene ndinakumbukira kuti makwerero ali panja.

Ndinadumpha, zala zinagwira pakamwa paja, koma mikono yozolowera kutembenuza mapepala singanyamule mimba ngati yangayi. Khoma loterera ngati therere. Ndinafuula, mawu anangondizungulira ndekha. Kenaka kunja kunada, ziphaliwali, ndipo mvula inakhuthuka. Abale, ngalande ija ndinaikhoma bwino! Madzi onse a padenga ankabwera osataya dontho, n'kumanditsanukira pamutu. Ndinkanyadira uku ndikunjenjemera.

Madzi atafika m'mawondo ndinamva nyimbo za anthu ochokera kutchalitchi. Ndinamenya khoma ndi sipanala. Patapita kanthawi pakamwa pa thanki panatulukira ambulera, pansi pake nkhope ya a Mulepa, mkulu wa mpingo, ali mu suti.

"Aneba! Mukutani m'menemo?"

"Ndikuyendera ntchito."

"Nanga ikuyenda?"

"Kwambiri. Koma nditulutseniko."

Anatembenukira anzawo pansi. "Abale, kodi kutulutsa munthu m'thanki ndi ntchito?"

"Ikanakhala mbuzi tikanaitulutsa," anayankha mayi wina. "Koma mbuzi siilowa dala."

A Mulepa anandigwira mikono n'kukoka, koma munthu ataima pamakwerero alibe mphamvu, ndipo ine ndinali woterera ngati mlamba. Makwererowo pakamwa paja sankalowa. Ndiye amuna anagwirizana zoti achotse payipi, aigoneke thanki chammbali, ine ndituluke chokwawa. Ndinavomera ndi mtima wonse.

"Aigoneke ndani?"

Amenewo anali mayi a Tiyamike, atangotsika pa kabaza.

"Amayi, bambowa azizidwa," anatero a Mulepa.

"Madzi afika pati?"

"M'ntchafu!" ndinakuwa.

"Ndiye sakufa. Imeneyi ndi mvula yomaliza, abambo. Mukataya madziwa, kukhwawa muzikatunga ndinu mpaka Novembala?"

Ine m'katimo ndinaona kuti akunena zoona, ngakhale mano ankagundana.

"Nanga titsegule mpopi kuti achepeko?" wina anayesa.

"Musaukhudze!" Apa tinakuwa tonse awiri, ine ndi mayi. (Chikwatirane sitinagwirizanepo msanga chotero.)

Nzeru inachokera kwa mayi a Tiyamike omwewo. Panali njerwa zotsala pomanga paja. Anthu a suti ndi madiresi oyera anandandalika, n'kumapatsirana njerwa imodziimodzi mpaka kwa a Mulepa, iwo n'kumanditsitsira. Ine ndinkamira n'kumazisanja pansi pa madzi. Mulu utakwera ndinaimapo, mutu unatuluka, mapewa anatuluka, mimba inakambirana kaye ndi pulasitiki, kenaka ndinasolokoka anthu akuwomba m'manja ngati ndabadwa kumene. Kabudula anatsala pang'ono kukana kunditsatira.

Mvula ija inagwa mpaka thanki inasefukira, ndipo inalidi yomaliza. Chilimwe chimenecho mpiru wa mayi a Tiyamike unabiriwira mpaka ogula ankachita kubwera pakhomo. Akafunsidwa chinsinsi amati, "Madzi ake ndinaviikamo bambo."

Koma njerwa zija zikadali momwemo, ndipo zikudya malo a madzi. Nkhani imeneyi imandisowetsa mtendere. Dzulo ndinaitchula, mayi anangondiyang'ana, n'kunyamula makwerero kukawasungitsa kwa a Mulepa. Sakudziwa kuti ndawerenga kale za kamangidwe ka makwerero a chingwe.