Nkhuni za Tsiku la Sabata

Mpaka lero ndikamva ngolo ikulira "kweee", ndimatembenuka n'kuyang'ana magudumu ake.

Zaka zimenezo, mzungu wa esiteti ya fodya kufupi ndi Lisasadzi anaitana ife eni ngolo kuti tipikisane pa ntchito yotuta nkhuni za m'mabalani. Kapitawo wake anatiuza kuti nkhuni zizifika tsiku lililonse, pakuti moto wowumitsa fodya suzima. Amene ali ndi chomulepheretsa anene ntchito isanaperekedwe.

Tsiku lililonse! Nanga Sabata? Koma fodya wanga anali atawonongeka ndi matalala, ndipo ana anga akanadya chiyani?

Alamu anga anandinong'oneza kuti, "Khalani chete, alamu. Muyambe mwaipeza ntchitoyo, za Sabata mudzaziona pambuyo." Ndinakumbukira Hananiya ndi Safira, amene anafa chifukwa cha bodza.

Itafika nthawi yanga ndinaimirira. "Bwana, masiku onse ndidzatuta, kupatula Sabata. Koma Loweruka ndidzabweretsa za masiku awiri, monga ana a Israyeli ankatolera mana."

Kapitawo atamasulira, mzungu anayang'ana ngolo yanga, nayang'ana ine. "Akuti mutionetse," anatero kapitawo.

(Ndikanangonena kuti Loweruka ndidzayenda kawiri. Nzeru imeneyo inandifikira patapita sabata.)

Ndinayamba kupakira nkhuni za masiku awiri m'ngolo. Mulu utafika m'mapewa, alamu anati, "Basitu!" Ine ndinapitiriza, ndikuyimba nyimbo chamumtima. Kenako ndinakwera pamwamba penipeni n'kukuwa, "Tiyeni!"

Ng'ombe zinakoka pang'ono. Gudumu linalira, linalira, n'kuthyoka. Ndinatsika pamodzi ndi nkhuni, n'kukagwera chagada m'ngalande, chipewa kwina, nsapato kwina. Ng'ombe imodzi inagona pansi n'kuyamba kubzikula, ngati sikundidziwa.

"Mana agwa!" anakuwa wina, ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko.

Ntchito anaipeza Che Amidu, Msilamu wa sitolo, amene anali ndi ngolo ziwiri. Ndikutola nsapato, anandiyandikira.

"Achimwene, inenso ndinawauza kuti Lachisanu sindituta, koma ndidzapeza munthu. Gudumu ndikubwerekani. Lachisanu mumapemphera?"

"Ayi, ndine womasuka."

"Ndiye lanu. Koma muzitsika pansi, nkhuni zizikwera zokha."

Chaka chimenecho ana anadya za Lachisanu. Mpaka pano chimene sindingathe ndimachinena poyera, Mulungu andithandize. Koma ndisanalonjeze cholowa m'malo mwake, ndimayamba ndagwada n'kuyang'ana gudumu.