Sabata Yowombola Njinga

Lolemba
Njinga yanga ili kwa a Zakariya, enfermeru wa pachipatala cha pano pa Tsangano. Anandidya pa pokere, masewera a makadi amene anatisiyira motorista wina, dalaivala wa pa koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali. Rozina, mkazi wanga, ndamuuza kuti ili kokonzetsa. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo zikavuta ndi nkhondoyi njingayo ndi imene imunyamule kupita ku Malawi. Ndiiwombola lisanafike Lamulungu!
Amene amandipha si makadi oipa ayi, ndi apakatikati aja, rei (mfumu) ndi seti, valeti (jeki) ndi novi. Malamulo anga:
1. Osewera akachuluka, taya.
2. Usayambe ndiwe, ona kaye anzako.
3. Dama, mfumukazi ya pamakadi, si mlongo wako, usamumvere chisoni.

Lachiwiri
Tilipo asanu ndi mmodzi kuseri kwa loja, sitolo yotseka ija, tikubetcha mchere ndi sopo. Ndataya makadi masana onse, monga mwa lamulo. Mchere wanga uli bwinobwino, njinga ili kwa eni ake. Kumapiri kwaphulika kawiri. A Zakariya akuti, "Ndi mvula iyo, a profesori, gawani." Mvula mu Agosto?

Lachitatu
Asanu. A katekista sanabwere. Kwawo chitseko n'chotseka, zovala zili pachingwe, nkhuku zikungodya pabwalo. Palibe wafunsapo. Koma osewera akachepa makadi apakatikati amakhala ndi mphamvu, ndiye Mulungu andikhululukire, ndakondwa.

Lachinayi
Atatu basi. Rei ndi oitu, ndadya theka la sopo! Ndaseka ndekha, mawu anga abwerera kuchokera ku sukulu yanga yopanda ana. Agalu onse a pa vila, katauni kathu kano, apita kuti?

Lachisanu
Lero ndili ndi dama ndi valeti, a Zakariya abetcha njinga. Mwayi wanga ndi uno! Pomwepo pakhala mlendo, nsapato zake zopanda fumbi. Makadi sakuwayang'ana, akuyang'ana ife. Akuti, "Mphunzitsi ndi uti pano?" A Zakariya akuti, "Tonsefe ndife alimi a mbatata." Ine zala zili mbuu ndi choko. Ndaponya makadi, ndakhalira manja anga mpaka wapita. Paja amati zigawenga zimayamba ndi aphunzitsi.

Loweruka
Ndafika ndekha. Mpando wa a Zakariya ndi wozizira. Pafumbi pali mzere wa tayala, la chigamba chija ndinamata ndekha, ndipo ukulowera kumalire. Patebulo makadi agawidwa kale, a anthu awiri. Agawa ndani? Anga ndatsegula, rei ndi seti. Enawo sindinawakhudze.

Lamulungu
Belu la tchalitchi silinalire. Rozina wamanga mitolo. Ndangoti, "Za njinga ija..." wandidula. "Akazi a enfermeru ananditsanzika Lachitatu. Akuti ndi yolimba, inyamula awiri. Senzani mtolo, bambo."
Tikuyenda wapansi. Ndikulemba pamene iye akupuma, kachitatu tsopano, dzanja lili pamsana. Vila ikuonekabe kumbuyo kwathu. Manyazi andipha, ndipo iye sakundiyang'ana.