Mwana Wanga Salembedwa Fulecha

Lolemba

Ubatizo ndi Lamulungu likubwerali. Ndikulemba msangamsanga mwana asanadzuke, kumapeto kwa kope langa lakale la sitandade sikisi. Ndikauza munthu andiseka.

Nkhani ndi iyi. Mwana wanga satenga dzina la kwawo kwa bambo ake. Papepala amalemba Fletcher, ife timatchula Fulecha. Dzina lachingerezi kuno ku Bembeke, pa anthu olima kachewere ngati ife tomwe.

Dzinali limanyamula amuna. Ndawerenga ndekha:
1. Agogo a amuna anga. Anapita ku Halale, sanabwere.
2. Apongozi aamuna. Ku Joni. Chinabwera ndi chithunzi chokha, atavala chipewa.
3. Alamu anga aakulu. Anati akukagula matumba ku Mozambiki. Matumbawo tikudikirabe.
4. Amuna anga. Ananyamuka ndili ndi mimba ya miyezi isanu. Ati abwera pa Khirisimasi, koma sananene Khirisimasi yake iti.

Wachisanu ndi uyu wagona apayu, Tikhalenawo, wa miyezi isanu ndi itatu. Ndikamuyang'ana mapazi ndimangoona msewu. Ayi. Uyu akhala Mbewe ngati ine ndi amalume. A Mbewe timabadwira pano, timafera pano.

Zochita: akatekisiti mawa, kenako amalume. Apongozi aakazi asamve kanthu.

Lachiwiri

Chifunga, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndabereka mwana ndi nsalu ziwiri mpaka kutchalitchi.

Akatekisiti akumvetsera, akupukuta magalasi, akuvalanso. "Mayi, ine sindipeka dzina. Ndimakopera lomwe lili m'buku lakusikelo."

Ndikutsegula buku lakusikelo. Fletcher. Zilembo zikuluzikulu, za bolopeni yabuluu. Tsiku lomwe ndinachira anamwino anafunsa dzina ine ndili thapsa, osadziwa kumene ndili. Anayankha ndi apongozi. Miyezi yonseyi ndimangoyang'ana mzere wa makilo, pachikuto ayi.

Si kanthu. Cholembedwa ndi munthu chimafufutidwa ndi munthu.

Lachitatu

Ndafufuta ndi malovu ndi chala. Pachikuto pabooka. Ndalemba Mbewe pambali pa bowolo, mokongola ndithu.

Lero ndi tsiku la sikelo. Alangizi a zaumoyo akukweza buku langa m'mwamba kuti mzere wonse uone. "Buku la boma ili, amayi, si kope la masamu." Akutsegula kaundula wawo wamkulu, akupeza dzina lakale, akulilembanso kawiri, kunja ndi m'kati.

Kenako akuitana: "Fulecha!" Tikuimirira azimayi anayi. Anayi! Wina wa kutsidya kwa dambo, wina wochokera cha ku Kabwazi, wina sindimudziwa n'komwe. Dzina lafalikira ngati chisoso m'munda. Amuna ake sakhala pakhomo, koma ana amasiya paliponse.

Ndikufunsa wa ku Kabwazi kuti bambo a mwana ali kuti. Akungoloza kumsewu ndi milomo.

Mwamva? Ndiye wina anene kuti ndapenga.

Mwana wakwera makilo. Akudya bwino, akusonkhanitsa mphamvu za ulendo.

Lachinayi

Ndapita kwa aphunzitsi aakazi omwe amagula nyemba kwa ine. Ali ndi foni yodziwa zonse. Ndati andifunsire kuti dzinali likutanthauza chiyani. Mwina ndi dzina labwino, mwina ndingolimba mtima.

Akuwerenga, akumasulira. Ati ku Mangalande kalekale munthu ankatchedwa ndi ntchito yake. Wosula zitsulo dzina lake, wophika buledi dzina lake. Fulecha anali wopanga mivi, womangirira nthenga kumchira kuti muvi uuluke mowongoka. Ati kumeneko dzinali ndi lodziwika, alipo ambiri.

"Si dzina loipa, amake Tikhale. Anali amisiri."

Amisiri a chiyani? A chinthu choti ukachiponya chapita. Anthu kuchita kuchiveka nthenga kuti chisabwerere. Akanakhala oumba mbiya bwenzi ndikugona tulo. Mbiya imakhala pomwe waiika.

Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Ine sindiyang'anira. Mawa kwa amalume. Mwini mbumba ndi iwo, akalankhula akatekisiti amva.

Lachisanu

Ndawapeza amalume akusankha mbewu ya kachewere pakhonde. Avala jekete lachikopa. Ndikulidziwa jekete limenelo. Ndi la amuna anga, linali m'sutikesi kwa apongozi. Ndiye kuti apongozi amva kale, ndipo afika kale.

Ndagwada, ndafotokoza zonse, mndandanda wa anthu anayi ndi mivi yomwe.

"Mwana ndi wa mbumba yathu, zimenezo palibe akukana. Koma dzina ndi la bambo. Komanso Mbewe tilipo ambirimbiri, mphwanga. Kalata yofunsira ntchito yolembedwa Fulecha bwana amaiwerenga kawiri."

Ndati ntchito yake ya kuti? Ya ku Joni? Ndati inu amalume simunachokepo pamudzi pano chifukwa ndinu Mbewe.

Aseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ine ndinanyamuka katatu. Katatu konse anandibweza pachipata, ndinalibe mapepala."

Izi sindinazimvepo chibadwire. Ndabwerera ndi kachewere m'nsalu ndi mutu wopweteka.

Zotsala:
akatekisiti, akana
sikelo, yakana
amalume, agulidwa ndi jekete
ine

Ine ndilipo. Lamulungu abambo mfumu akafunsa dzina, ndiyankha ndekha mokweza, tchalitchi chonse chimve.

Loweruka

Apongozi abwera m'mawa ndi kamalaya koyera ka ubatizo. Ndinakonzeka kukangana. Mawu ndinawayala kale pamene ndimatsuka mbale. Iwo angokhala pamphasa, atenga mwana, akumuyesa kamalayako.

"Ndamva kuti mukuliopa dzina."

Ndati eya, ndikuliopa, ndipo sindisintha.

Ati agogo aja dzina lawo lenileni linali lina. Ankaphikira mzungu wina woyang'anira mitengo ya paini kuphiri. Pofuna chiphaso chopitira ku Halale, kalaliki anafunsa dzina lachiwiri, iwo anatchula la bwana wawo poganiza kuti chiphaso chituluka msanga. Chinatulukadi msanga. Basi, chiyambi chake n'chimenecho. Dzina lobwereka ngati khasu, losabwezedwa.

Ndati ndiye tilibweze.

Iwo akumanga mabatani. "Ine landilanda mwamuna ndi ana awiri. Mukuganiza kuti ndimalikonda? Koma mwana wanga, amuna anuwo, atafika ku Joni, anapeza manda a bambo ake chifukwa cha dzinali. Anafunsa Fulecha, anthu anamulozera. Akanafunsa Mbewe akanamulozera manda angati? Uyunso tsiku lina adzafuna bambo ake. Musamulande chofunsira."

Ndawapatsa tiyi. Anditcha mwana wanga, koyamba chikwatiwire.

Koma sindinavomere. Ndilembe pano kuti zidziwike: sindinavomere.

Lamulungu

Abambo mfumu sanafunse n'komwe dzina lachiwiri. Amafunsa la ubatizo lokha, zinazo akatekisiti analemba kale Lachinayi. Ndinatsegula pakamwa, kwaya inayamba nyimbo.

La ubatizo anasankha apongozi: Paulo. Ndinati chabwino, woyera ndi woyera. Ndiye abambo mfumu ayamba kulalikira za Paulo yemweyo. Maulendo okhaokha. Wapansi, pangalawa, mzinda uno, mzinda uwo, osabwerera kwawo. Amalume ali m'jekete lawo akugwedeza mutu. Apongozi akuyang'ana pansi, mapewa akunjenjemera. Amaseka.

Pakhadi palembedwa Paulo Tikhalenawo Fletcher. Lomwe ndinamupatsa ine lili pakati, lapanikizika ngati munthu wam'minibasi. Koma lilipo, ndipo pakhomo pano ndi lokhalo lomwe liziitanidwa. Wofuna enawo akawatchulire kumsewu.

Masana ndamukhazika pamphasa kuti ndimuvule kamalaya. Ndatembenuka kutenga thewera. Pobwerera, pamphasa palibe munthu. Wakwawa. Koyamba, lero lomwe. Sanapite kwa ine, sanapite kwa agogo ake. Walunjika pakhomo, kumene kukuonekera njira yotsikira kumsewu.

Ndamugwira mwendo, ndamukokera m'nyumba. Wayambanso. Ndamukokanso.

Apongozi ati, "Ine ndinagwira zaka makumi awiri."

Ndati ine ndigwira makumi atatu. Ndikulemba ndi dzanja limodzi.