Kapeti amene anadulidwa chafufumimba

Mwambi umene mwandifunsawu, adzukulu anga, chiyambi chake chinali chotere. Koma yambani mwaika mafoniwo m'matumba, chifukwa nawonso ali ndi mlandu m'nkhaniyi.

Kuno ku Chinamwali kunali mlamu wanga, a Likongwe, amene anakwatira mlongo wanga Nangozo. Anali munthu wabwino mtima, koma anali ndi nthenda imodzi: chinthu chogulidwa pafupi ankachiyesa chachabechabe. Ngakhale mchere, akamva kuti wachokera ku Blantyre, ankati ukukoma mwapadera.

Nyumba yawo anaimanga pang'onopang'ono, amisiri atatu osadziwana, aliyense ndi maso ake. Pabalaza khoma limodzi linapita mokhota, ndipo chakumanzere ukamalowa panali chipilala chotulukira m'chipinda. Simenti yapansi inali itasweka ngati msewu wa m'dzinja.

Tsono mwana wawo Ndaziona anapeza mwamuna, ndipo akuchimuna anatumiza mawu kuti Loweruka la sabata yamawa abwera kudzaonekera. Ine ndinali nkhoswe wakuchikazi. Mukudziwa kuti pa mwambo wotere abambo amakhala pamipando, amayi n'kukhala pansi atatambasula miyendo. Ndaziona ankachita mantha kuti apongozi ake adzakhala pa maenje aja n'kumakanena kwawo kuti mtsikana ameneyu wachokera m'bwinja.

"Bambo a Ndaziona," anatero Nangozo, "tapitani kwa Che Ajasi pamsikapa mukagule kapeti. Amabwera okha ndi tepi yawo, amayeza, amadula, n'kuyala."

"Ajasi? Wa kashopu konga khola la nkhunda kaja? Mwana wanga akukwatiwa ndi anthu ophunzira. Kapeti wake achokere kumene kumachokera makapeti."

Lolemba anakwera minibasi ya ku Blantyre, n'kukalowa mu shopu yaikulu ija yoti ukhoza kusocheramo. Mtsikana wovala yunifolomu anawafunsa kuti, "Chipinda chanucho n'chachikulu bwanji, bambo?"

"Chachikulu bwinobwino ndithu."

"Miyezo yalembedwa papepalapo. Musankhe umene ukugwirizana nacho."

"Kodi simungapite kukachiona? Ndi ku Zomba pompa."

Mtsikana uja anaseka mwaulemu. "Ife sitiyenda m'makomo, bambo."

A Likongwe anatuluka chimanjamanja. Ali m'minibasi pobwerera, anayamba kuseweretsa foni, ndipo anaona chithunzi cha kapeti wofiira wa maluwa achikasu, wogulitsidwa ndi munthu wina wa ku Lilongwe. Anaimba pomwepo.

"Mwakonza zingati, bwana?" anafunsa mawu a pafoni.

A Likongwe anatchula.

"Ndiye muli ndi mwayi. Alipo mmodzi wa mtengo womwewo ndendende."

"Koma chipinda changa..."

"Adzakwana, bwana. Makapeti athu amakwana paliponse."

Anatumiza ndalama asanafike n'komwe ku Namadzi.

Kapeti anafika Lachinayi pa basi, ndipo kunena zoona, anali wokongola. Vuto linali lakuti anali wamkulu moti akanakwana m'tchalitchi. Atamulowetsa pabalaza, mbali zake zinakwera makoma mpaka m'mawondo.

"Tsopano itanani Che Ajasi adzadule," anatero Nangozo.

"Kuti adzaone kuti ndagula kwina, kenako azikandiseka pamsika? Kudula n'chiyani? Mpeni ndili nawo, maso ndili nawo."

Lachisanu m'mawa anakokera kapeti uja panja pabwalo. Apa ndi pamene nzeru zinawachulukira. Anaganiza kuti makala olembera angadetse maluwa, ndiye anamugoneka chafufumimba, maluwa pansi, msana kumwamba. Anayeza chipinda ndi chingwe, n'kujambula pamsana pa kapetiyo monga mmene chipinda chinkaonekera munthu ataima pakhomo: chipilala kumanzere, khoma lokhota kumanja. Kenako ananola mpeni n'kudula, uku akuimba mluzu. Chidutswa chimodzi chotsala anaponyera galu wawo kuti naye azigona ngati bwana.

Ine ndinafika nthawi imene ankalowetsa kapetiyo m'nyumba. Anamutembenuza kuti maluwa aonekere, ndipo mluzu unathera pomwepo. Mpata wa chipilala unali utapita kumanja, kumene kunalibe chipilala. Kumanzere kapeti anaunjikana pa chipilala ngati munthu wogwada. Ku khoma lokhota, mbali ina anakwera khoma, mbali ina anasiya simenti yosweka poyera.

"Tangomuzungulizani, alamu," anatero a Likongwe.

Tinamuzunguliza. Tinamuzungulizanso. Kanayi konse, mpaka thukuta kamukamu, koma ayi ndithu. Kenako tinamugonekanso chafufumimba, ndipo anakwana bwinobwino ngati anabadwira momwemo, kumtunda kukuoneka msana wotuwa wokhala ndi mizere ya makala.

A Likongwe anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mwina alendo angaganize kuti ndi fashoni yatsopano."

Ndaziona, amene anaima pakhomo nthawi yonseyi, anangophimba nkhope ndi chitenje n'kuthawira kuchipinda akulira. Apa mpamene mlamu wanga anazindikira kuti zinthu zafika pa mwana wakana phala. Ndinawamvera chisoni, ngakhale kuti m'mimba ndinali nditadzaza phwete.

A Likongwe anaimbira munthu wa ku Lilongwe uja.

"Mwamudula?" anafunsa mawu a pafoni. "Aaa, bwana, katundu wodulidwa sabwezedwa. Koma ndili ndi wina wabuluu. Mwatsala ndi zingati?"

A Likongwe anadula foni, n'kukhala pansi pa msana wa kapeti wawo, manja ali m'masaya. Sanazindikire n'komwe kuti Nangozo watuluka. Patapita mphindi zochepa tinamva belu la njinga panja.

Che Ajasi anali kamdala kochepa thupi, kovala chisoti choyera, pensulo ili kukhutu. Anavula nsapato pakhomo, anapereka moni kwa aliyense, kenako anayang'ana kapeti, chipilala ndi khoma. Sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zinawapweteka a Likongwe kuposa kusekedwa.

"Kapetiyu ndi wabwino, a Likongwe. Mwasankha bwino. Koma mukamadulira kumsana, kumanzere kumakhala kumanja. Ngakhale ine ndinaononga awiri ndisanadziwe zimenezi. Zidutswa zija zili kuti?"

Nangozo anabwera nazo, poti mlongo wanga sataya ngakhale chingwe cha thumba la shuga. Chimodzi chinkasowa. Tinakachipeza kuseri kwa khitchini, galu atachigonera, ndipo sanachipereke mwamtendere.

Masana onse Che Ajasi anali chogwada. Anayeza khoma lililonse kawiri, n'kulemba pa kapepala. Anadula mpata watsopano pa chipilala, ndipo chidutswa cha pamenepo anakatsekera mpata wolakwika uja. Ku khoma lokhota anachotsa mbali imene inakwera, n'kulumikiza zidutswa kumene kunaperewera, akusankha kuti duwa likumane ndi duwa linzake. Pansi pake anamata ndi guluu, n'kusoka ndi chisingano chachikulu. Msoko umene unakana kubisala anaukhazikapo sofa.

Dzuwa lisanalowe anaimirira n'kudziwongola msana. "Itanani mwana uja adzaone."

Ndaziona anabwera maso ali ofiira. Anavula masilipasi, anayenda kuchoka pakhomo mpaka kukhoma, anagwada n'kusisita ndi manja kufunafuna msoko, koma sanaupeze. Kenako anaseka, misozi ikadali m'masaya. Ine mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinali nditayamba kale kukonza bodza loti tikachitire mwambo panja pamthunzi.

Loweruka alendo anabwera. Amayi akuchimuna anakhala pansi, anatambasula miyendo, ndipo azakhali a mnyamata anayamba kusisita maluwa aja.

"Koma ndiye wakwana ngati wothira ndi madzi! Mpaka kuzungulira chipilala? Ife kwathu tinagula wa m'tauni, akungopindika m'makona. Ameneyu mwamupeza kuti?"

Ndinaona a Likongwe akutukula chifuwa, ndipo ndinadziwa kuti pakamwa pawo pakubwera mawu akuti Lilongwe. Koma maso awo anakumana ndi a Nangozo, kenako a Ndaziona, amene anali atagwada pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Chifuwa chija chinaphwa pang'onopang'ono.

"Amayi," anatero a Likongwe, "kapetiyu anachokera kutali, koma amene anamukwanitsa ali pamsika pompa. Mukafuna wina, musavutike ndi basi. Ine dzulo ndaphunzira kuti wapafupi amayeza nyumba, wakutali amayeza thumba."