Bambo Amene Ankasunga Magazi M'mutu

A Kalembera, amene anatsikira kulichete mwezi wathawu, sankasunga dzina la munthu. Ankasunga magazi ake. Zaka makumi atatu ali pa tebulo la pakhomo polandira opereka magazi, moni wawo unali womwewo: "Mwadzuka bwanji a O? Nanga mayi B kunyumba?"

Amene ankaona nawo zakuda anali mtsikana wa mu labu yoyezera magazi, wongobwera kumene kuchokera ku maphunziro kunja, mtima uli m'mwamba. Iye ankafuna kuwerenga kuti mwa opereka onse a A1 ndi angati, a A2 angati, makamaka a magazi osowa aja amene adokotala amachita kuwasaka wodwala akafooka. Onsewo awalowetse mu kompyuta.

Atatsegula kaundula wa mkuluyu anagwira mutu. Munalembedwa: "Wometa wotsimphina." "Mayi woopa singano." "Mlamu wa uja."

"Bambo, uja ndi ndani?"

"Uja amadziwika."

"Nambala ya foni?"

"Mwanawe, magazi saitanidwa pa foni. Amakatengedwa."

Ndipo ankakawatengadi. Tsiku lina anaimitsa njinga yamoto pakati pa msewu n'kutsitsa telala amene anakwera wopanda chipewa. "Inu ndinu O negetivi, m'tauni muno mulipo asanu basi. Magazi amenewo si anu nokha. Yendani wapansi." Wometa uja ankachita kubisa botolo la mowa akamva kutsokomola kwawo. Munthu winanso a Kalembera anam'letsa kusamuka, ati kumene akupitako a A2B alipo kale okwanira.

Mtsikana uja anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, mpaka anawagulira kope latsopano. Iwo anaikapo kapu ya tiyi.

"Mukadzadwala nanga?"

"Ine ndine O wamba, mwanawe. Ife sitisowa."

Mtsikanayo ankamuululira munthu mmodzi pa sabata ngati mankhwala, atayamba amufotokozera mbiri ya agogo ake a munthuyo. Anali atafika pa anthu asanu ndi awiri pamene mtima wawo unaima Lachiwiri lina m'mawa, ali pa mpando womwewo.

Tsopano pakhomo pali makina otulutsa timapepala ta manambala, ndipo anthu amakhala duu ngati ali kubanki. Mu firiji, shelefu ya magazi osowa ili mbee. Dzulo adokotala anafunsa kawiri za magaziwo.

Mtsikana uja anatseka kompyuta, n'kuvula jasi yoyera, ulendo wapansi kumsika, akung'ung'udza njira yonse. Anaima pa khomo la wometa wotsimphina uja.

"Pepani bambo, ndikufuna mlamu wa uja."

Wometa anazimitsa makina.

"Khalani pansi, mwana wanga. Ndimalize mutu uwu, ndikuperekezeni."