Tabuleti ya Madamu ndi Dazi la Bambo Makwinja

Lolemba

Ndikulemba pang'onopang'ono. Sukulu yanga ndi ya kwacha, ya miyezi yochepa chabe, ndipo maso nawo ayamba kundithawa. Za maso angawa sindiuza munthu.

Nkhani ili apa ndi iyi. Loweruka kuli chinkhoswe cha Yohane, mwana wa mlongo wanga, ku Nellmapius. Kuno ku Joni malume ake ndine ndekha, ndiye nkhoswe ndine. Ndiyenera kulonjera akuchikazi anayi, aliyense ndi dzina lake, ndisanapereke tambala.

Tsiku lokafunsira ndinalakwitsa. Ndinagwada pamaso pa bambo wina wa jekete, kumuombera m'manja, kumuuza kuti taona maluwa pakhomo pake. Iye anangoti, "Dumela," moni wa eni dziko kuno. Anali neba wodzabwereka wilibala! Malume enieni a mtsikanayo, Bambo Makwinja, anali pakhomo akutsokomola. Mpaka lero ndikakumbuka ndimatuluka thukuta.

Ulendo uno zisachitikenso.

Lero madamu amene ndimawasamalira maluwa kuno ku Brooklyn akuyeretsa garaja. Andipatsa tabuleti. Akuti ndi ya mtundu woyambirira weniweni, ana awo anaitaya kalekale. Andionetsa kuti zilembo zake zimakula munthu akafuna. Abale inu! Chilembo chimodzi ngati chala changa chachikulu! Ndawerenga dzina langa osatsinzina diso.

Mayina anayi aja alowa m'menemu. Basi, ndapulumuka.

Lachiwiri

Zabwino zake, monga ndazionera:

Galasi lalikulu ngati thireyi ya tiyi.
Batani lakutsogolo ndi limodzi, losasokoneza.
Moto sukutha msanga. Kuyambira dzulo ikadali maso.
Ukaiyika m'khwapa umaoneka ngati munthu wa ku ofesi.

Zilembo zilimo za mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi wowonda ngati miyendo ya udzudzu, sindiuona. Wachiwiri ndi wopotanapotana, wokongola ndithu, koma uli ngati mphukira za maungu, sudziwa pamene liwu layambira. Wachitatu ndi wonenepa, wakuda bii, ngati zolemba za pa thumba la feteleza. Ndasankha umenewo. Madamu akuti, "Mukufuna zikule chonchi, madala? Maso ali bwino?" Ndayankha kuti ali bwino kwambiri, kungoti ndimakonda zinthu zooneka. Bodza pa ukalamba wanga uno.

Vuto loyamba: chinthuchi chikukana zala zanga. Zaka zonsezi ndikugwira fosholo, khungu linauma ngati chikopa cha ng'oma. Ndikadina, zii. Ndikadinanso mwamphamvu, zilembo zisanu nthawi imodzi. Chala chokha chimene ikuchimvera ndi chaching'ono cha kumanzere, chimene sichinagwirepo ntchito chibadwire.

Liwu loti "Makwinja" landitengera nthawi yonse ya chakudya cha masana. Ndikangomaliza, iyo ikulisintha kukhala la Chingerezi. Katatu! Ndachita kuikalipira.

Lachitatu

Ndalakwa. Ndadzitama.

Pa geti padutsa Achimwene Gilibati, amene amagwira ntchito nyumba yachitatu kuchokera pano. Ndiwo adzandithandize unkhoswe Loweruka. Akuti, "Agogo, bwanji mayina aja ndidzakunong'onezeni ine? Kapena ndiwalembe pa pepala?" Ine m'malo mothokoza ndatulutsa tabuleti m'chitenje chimene ndaikulungamo. Ndawauza kuti za mapepala zinatha. Ndawauzanso kuti zithunzi za chinkhoswe ndijambula ndine, n'kuzitumiza kwa mlongo wanga ku Ntcheu tsiku lomwelo.

Aitembenuza uku ndi uku. "Nanga kamera ili pati?"

Tafunafuna tonse awiri. Kutsogolo palibe. Kumbuyo palibe. Ilibe diso, ngati mwini wake.

Za WhatsApp ikuti ndi yokalamba kwambiri, siingathe. Kuimba foni siimba. Gilibati akuti, "Ndiye ndi sileti yowala basi." Achoka akuseka mpaka pa kona.

Madzulo ndapeza khalidwe lake lina. Ukaipendeketsa, mawu onse amatembenuka. Ukaigoneka cham'mbali, nawo amagona cham'mbali. Ndakhala ndikuthamangitsana nawo ngati nkhuku. Madamu anatchulapo Lolemba za kabatani kena kam'mbali koletsa zimenezi, koma sindinamvetse, ndipo ndawafunsa kale zinthu zambiri. Angayambe kuganiza kuti madala atha ntchito. Ndingoigwira mowongoka.

Lachinayi

Yohane wabwera ataweruka ku ntchito ku Rosslyn. Nkhope yake yodandaula. "Eish, ankolo, chonde ulendo uno musakagwadirenso neba. A Makwinja sanaiwale."

Mayina ndili nawo. Koma dzina popanda nkhope ndi lachabe, ndipo nkhope ndi zimene sindiziona bwino. Ndiye ndamufunsa mochenjera, ngati nkhani wamba, kuti aliyense amaoneka bwanji. Iye akufotokoza akuseka, ine ndikusunga mumtima. Atapita ndakhala pansi pa jakaranda ndi kachala kanga kaja, kulemba chizindikiro pansi pa dzina lililonse. Zinthu zikuluzikulu, zoti ndingazione ndili patali.

BAMBO MAKWINJA. DAZI LONYEZIMIRA. SACHEDWA KUPSA MTIMA.
MAYI NACHISALE, AZAKHALI. WIGI YOPENDEKEKA. ANALI APHUNZITSI.
BAMBO LIPENGA. MIMBA.
MAYI A ESINATI. AWA NDI ABWINO.

Esinati ndiye mkwatibwi.

Ndaziwerenga kawiri. Zikuoneka bwino zedi! Ngakhale nditaiyika pa wilibala n'kubwerera mapazi asanu, ndikuwerengabe. Chinthu chabwino ichi. Azungu anaganiza.

Ndi zanga ndekha izi. Ndani angazione?

Lachisanu

Kuyeserera. Ndaika miphika inayi ya maluwa pa udzu, ndiyo akuchikazi. Mphika wopanda duwa ndi a Makwinja.

Zimene ndapeza:

Padzuwa galasi limada. Umangoona nkhope yako, ndi mphuno zako kuchokera pansi.
Zilembo zikakula chonchi, dzina limodzi ndi chizindikiro chake zimadzaza galasi lonse. Kuti ufike kwa wachiwiri, uyenera kukankha ndi chala.
Ine ndikafuna kutsegula tsamba ndimanyambita chala. Ndi mmene ndinaphunzirira. Dzanja limapita lokha kukamwa! Chala chonyowa iyo siichifuna, mawu amathawira pansi, ena m'mwamba.
Ikulemera. Ukaigwira ndi dzanja limodzi, mkono umanjenjemera ngati uli ndi malungo.

Ndiye ndiigwira ndi manja awiri. Ndi ulemunso.

Madamu andipeza ndikuombera m'manja mphika. Afunsa ngati ndamwa madzi okwanira lero.

Gilibati wadutsanso. "Agogo, pepala lija ndalemba, lili m'thumba." Ndawauza kuti alisunge akayatsire mbaula. Pakamwa panga, pakamwa panga!

Suti ndasita. Tambala ali m'katoni. Chingwe chotchajira tabuleti ndi chimodzi chokha, cha kukamwa kotambalala, chomatidwa ndi tepi, ndipo Pretoria yense palibe wina ali nacho. Ndachigwira ngati dzira. Moto wadzaza.

Loweruka

Sindikufuna kulemba. Koma ndilemba.

Anthu ambiri. Tenti pabwalo, mthunzi wabwino, galasi likuoneka. Mtima uli m'malo. Amayi akuimba, Esinati wavundukulidwa m'chitenje, nthungululu. Kenaka akuti nkhoswe ya kuchimuna ilankhule.

Akuchikazi anayi akhala pa mipando kutsogolo. Ndikuona chinthu chonyezimira kumanzere. Ndikuyang'ana pa galasi. Zikugwirizana! Ndikupita molunjika, mosakayika, ngati mnyamata.

Tsopano, munthu sulonjera apongozi utaimirira ngati mtengo. Ndikugwada. Ndikuwerama. Manja awiri ali kutsogolo, ndipo m'manjamo muli tabuleti.

Yapendekeka.

Mawu atembenuka. Andifulatira ine, ayang'ana iwo.

Ine ndikuona zilembo zadodolido, ndikuyesa kuzibweza, dzanja lapita kukamwa, chala chanyowa, ndakankha. Ndipo Mayi Nachisale, aphunzitsi akale aja, munthu wozolowera kuwerenga mokweza chilichonse chimene chaikidwa patsogolo pake, akuyamba:

"Bambo Makwinja. Dazi lonyezimira. Sachedwa kupsa mtima."

Zii tenti yonse. Ngakhale tambala.

Ndikukankhanso kuti zichoke. Zikubwera zina.

"Mayi Nachisale, azakhali. Wigi yo..." Aima. Dzanja lawo likukwera pang'onopang'ono kumutu.

Ndi chala chonyowa chija, mawu akungothamanga okha. Wachitatu sanadikire kuwerengeredwa. Bambo Lipenga awerenga okha ali pa mpando wawo, poti zilembo zanga zikuoneka mpaka ku geti. "Mimba," akutero. "Basi? Ine mimba basi?"

Wina kumbuyo waphulika ndi chiseko. Kenaka tenti yonse. Amayi ena agwa pa mpando. Yohane waphimba nkhope ndi chipewa. Mayi a Esinati akuti, "Nanga ine andilemba chiyani?" Mayi Nachisale, mawu ali ouma: "Inu akuti ndinu abwino." Apo ndiye zaipiratu, chifukwa tsopano zaoneka ngati ndinachita kusankha.

Ndadina batani lija limodzi. Galasi lada. Ndikuona nkhalamba yogwada, kukamwa kuli yasa.

A Makwinja sakuseka. Aimirira, alowa m'nyumba. Mwambo waima. Tambala sanalandiridwe.

Gilibati ndi amene awatsatira, ndi pepala lawo lija m'manja. Akhalitsa m'menemo. Ine ndikadali chogwada, poti palibe wandiuza kuti ndidzuke, komanso mawondo akana. Atatuluka, a Makwinja alandira tambala kuchokera kwa Gilibati, osati kwa ine. Thadzi lawo apatsanso Gilibati. Ukwati ulipo. Unkhoswe wanga ndi umene wathera pa udzu.

Chakudya sindinadye. Mu tekisi, minibasi ya kuno, ndakhala kumbuyo kwenikweni.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Nkhani yafika kale ku Ga-Rankuwa, mbali ina ya Pretoria, ndipo mlongo wanga ku Ntcheu waimva ndi zithunzi zomwe. Mafoni a anthu ena ali ndi kamera.

Masana ndavalanso suti. Ndagula nkhuku yoyera, ndakwera tekisi, Gilibati ali pambali panga. Kukapepesa. Tabuleti ndaitenga kuti akaone ndi maso awo ndikufufuta.

A Makwinja atisiya panja nthawi ndithu. Kenaka mipando. Ndagwada, ndanena zoona zonse: kuti maso anga anatha, kuti nkhope sindiziona, kuti neba uja ndinamugwadira chifukwa chomwecho, kuti ndimaopa kunena. Aka ndi koyamba kuzitulutsa pakamwa. Gilibati akuyang'ana pansi.

A Makwinja atambasula dzanja. Kenaka akuti, "Tabweretsani chinthucho."

Aigwira patali, mkono wonse. Aibweretsa pafupi. Akuti, "Ine zaka zitatu sindinawerengepo kalata ndekha. Amandiwerengera ana. Koma dzulo dazi langa ndinaliwerenga bwinobwino, azakhali asanatsegule pakamwa."

Nkhuku alandira. Akuti mlandu watha, koma tabuleti itsale, ndi chingwe chake. Ndapereka ndi manja awiri. Mawu atembenukanso, kuyang'ana mwini wake watsopano.

Za wigi akuti ndikapepese ndekha, Lamulungu la mawa. Kumeneko akuti nkhuku imodzi siikwana.

Mawa m'mawa ndipempha madamu andiperekeze kukayezetsa maso. Gilibati akuti magalasi adzandikhala. Kaya.

Ndatsala ndi chitenje chokulungira. Ndapukutira nsapato.