Malenzi Atatu, Msana Umodzi

Lolemba

Alamu anga a Stefano abwera kuchokera ku Joni ndi malenzi atatu a kamera. Akuti, "Muwayese sabata ino, alamu. Lamulungu ndikukwera ndege. Imodzi musankhe ikhale yanu, enawo ndibwerera nawo."

Ina ndi yaitali ngati munsi, imakoka zinthu zakutali. Ina ndi yaifupi, imatenga dambo lonse ndi phiri lomwe. Yachitatu ndi yapakati, ya nkhope za anthu. Imeneyo sindikuifuna n'komwe. Zaka zonsezi ndikujambula maukwati pa Chileka pano, ndatopa nazo za "tatiyeni tione" ndi "mimbayi muichepetseko". Ndikufuna kujambula chinthu chosapempha kudziona. Nkhanga zakutchire, kumtsinje wa Lirangwe! Zikatuluka bwino nditenga yaitaliyo, maukwati ndiwasiye.

Mayi a Mphatso, akazi anga, akungofunsa kuti, "Nkhangazo ukwati wake uli liti?"

Lachiwiri

M'chikwama chobereka: malenzi onse atatu, bulangete, mabatire, botolo la madzi. Ndikuyenda wapansi, njira zachidule za m'minda, chifukwa mbalame siidikira munthu wa pa minibasi.

Chikwama n'cholemera koma ndikuchikwanitsa. Vuto ndi njirayi: ikudutsa pakhomo pa a Mbewe, amene ndinajambula ukwati wa mwana wawo. Kungodutsa osalonjera? Sizingatheke. Moni akusanduka mpando, mpando ukusanduka mphasa yogonapo. Mbalame zojambulidwa lero: palibe.

Lachitatu

Potsanzikana, mayi a pakhomopo akulonga m'chikwama changa maungu awiri ndi mbatata. Nyengo ya masika ino! Ndikuyesa kunena kuti ndalemedwa. Akuti, "Mukutikana ifeyo kapena maunguwo?"

Dzungu silingatsale, ndiye itsale lenzi. Yaifupi ija ndikuisungitsa konko. Dambo silithawa, ndidzalijambula chaka china.

Masana ndikukumana ndi Che Saidi ogulitsa mbuzi. Nawonso amandidziwa. Mphatso yawo: tambala wamoyo, womanga miyendo.

Madzulo, pamlambe wina, kambalame kobiriwira kokongola zedi. Ndikutulutsa yaitali pang'onopang'ono, ndagwira mpweya osapuma. Tambala: kokoliriko! Ndajambula nthambi.

Lachinayi

Ndafika kwa azakhali a Esitere, kufupi ndi Lirangwe. Mapewa akuyaka moto.

Za nkhanga akuseka. "Zikhale pati, iwe? Tchire lonse linapita m'matumba a makala." Koma akuti kutsidya anthu amazionabe m'mamawa.

Mbiri yamveka kuti wojambula wabwera. Pofika masana bwalo ladzaza: makanda osamba kale, jekete zobwerekana. Ndi yaitali ija ndiyenera kukaima kuseri kwa khola kuti munthu akwane, apo ayi ikungotuluka mphuno yokha. Basi, ndikumangirira yapakati, yomwe ndinaitenga mongoiperekeza.

Azakhali akubwera pomaliza, atavala zoyera za kutchalitchi. Akukhala pampando mowongoka. "Ujambule bwino. Chimenechi ndicho mudzanyamule patsogolo pa bokosi langa." Anthu akuseka, iwonso akuseka, ine ndikudina pomwepo. Kenako ndikuzindikira kuti mayi amene anandilera ameneyu sindinamujambulepo ali yekha. Nthawi zonse amakhala kumapeto kwa mzere, pa ukwati wa wina. Manyazi andigwira.

Lachisanu

M'mamawa, tsidya la mtsinje, yaitali yokha. Tambala ndamusiya kwa azakhali. Ndabisala m'mapesi, mame anyowetsa buluku, linthumbu likundiyendera.

Nazo! Gulu lonse la nkhanga, zikutola chimanga chotsalira m'munda. Ndikuzikoka mpaka ndikuona timadontho ta nthenga, kamutu kabuluu, diso. Moyo wanga wonse ndimafuna zimenezi!

Kenako mayi wina akutulukira ndi lichero la madeya, akuitana. Nkhanga zanga zakutchire zikuthamanga pamzere kukalowa m'khola.

Mayiyo andimvera chisoni. Andipatsa mazira a nkhanga.

Loweruka

Ulendo wobwerera. Katundu: maungu aja, mbatata, mtedza wa azakhali, tambala, mazira. Kachikwama kofewa ka lenzi yaitali kakukwana bwino mazirawo, moti lenziyo ndaikulunga m'bulangete. Alamu asadzamve.

Kwa a Mbewe ndikutenga yaifupi ija. Nzimbe zikuwonjezeka.

M'njira ndikuganiza. Azungu amene timawaona atabereka zikwama, akujambula mbalame mwakachetechete, si kuti ali ndi misana yolimba kuposa wanga. Alibe abale m'njira, basi. Chikwama chawo chimapepuka tsiku ndi tsiku, changa chimanenepa. Sindikudziwa kuti ndiwasirire kapena ndiwamvere chisoni.

Lamulungu

Ndege ya alamu ndi ya masana. Tikuyang'ana zithunzi pakhonde. Zachilengedwe: nthambi, ndi nkhanga za eni. Zina zonse ndi anthu. Tafika pa cha azakhali, akuseka, makwinya onse ali poyera, maso akuwala. A Stefano akuti, "Nanga mwasankha iti?"

Yaitali ija ndikuifunabe, ndisaname. Ndikuipukuta, ndikununkhiza kachikwama kake ngati mulibe fungo la mazira, ndikuipereka. Mtima ukuwawa. Yaifupinso yapita. Yatsala ndi ya nkhope.

Mayi a Mphatso akungotchaja mabatire. Mwana wa Che Saidi akukwatiwa sabata yamawa, ndipo tambala wawo tadya kale.

Mawa ndikatsukitsa cha azakhali m'tauni, chachikulu, chagalasi. Ndikawapatsa ndekha, achione ndi maso awo, achipachike pakhoma chikhalitse pamenepo. Ndikwera minibasi. Chikwama ndinyamula chopanda kanthu.